Dalaivala wa sitima akaphonya nyali yofiira

Njanji yomwe imadutsa kwathu kuno ku Mchinji ndi imodzi yokha. Sitima yochokera ku Kanengo ndi sitima yochokera ku Chipata zimaponda zitsulo ziwiri zomwezo, ndipo zikakumana pakati pa tchire palibe yomwe ingapatukire inzake. Ambiri a ife sitiganizako zimenezi chifukwa sitima timaiona mwa apo ndi apo. Njanjiyi inafika kuno mu 1980, itamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada kuchokera ku Salima kudzera ku Lilongwe, ndipo inatha zaka 30 ikuthera kumalire kuno mpaka mu 2010 pomwe chigawo cholowa ku Chipata chinatsegulidwa. Andale akamakamba zotukula njanji amatchula feteleza, mafuta ndi katundu wopita ku doko la Nacala. Ine chomwe ndimafuna kumva n'china. Sitima zikadzachuluka pa njanji imodziyi, chidzaletse ziwiri kuwombana n'chiyani?

Funso limeneli ukalifunsa pagulu, yankho silichedwa: dalaivala azikhala tcheru, asamagone, asamamwe. Ngozi ikachitika, wailesi imatiuza madzulo omwewo kuti woyendetsa sanatsate chizindikiro, nkhani n'kuthera pomwepo, makamaka ngati iyeyo wafera pangoziyo ndipo sangadziyankhire. Ine yankho limeneli silindikwanira. Munthu aliyense amaphonya, ngakhale wosamala chotani, ndipo njanji yomwe chitetezo chake chonse chatsamira pa maso a munthu mmodzi ikungodikira tsiku lake.

Pali chinthu chomwe ife oyenda pamsewu sitichimvetsa msanga. Dalaivala wa sitima alibe chiwongolero. Komwe zitsulo zaloza ndi komwe akupita, ndipo m'manja mwake muli zinthu ziwiri basi, chowonjezera moto ndi buleki. Bulekiyonso siimitsa pompopompo. Wilo lachitsulo pa njanji yachitsulo limayenda mopepuka, chomwe chili chabwino pokoka katundu wolemera ndi mafuta ochepa, koma n'choipa pofuna kuima. Sitima ya katundu yodzaza, ikakhala pa liwiro, imatha kupitirira kilomita yathunthu buleki itamangidwa kale. Kukagwa mvula kapena mame, kapena masamba akaphwanyikira pa njanji, mtundawo umatalikanso, n'chifukwa chake mainjini amanyamula mchenga wothira kutsogolo kwa mawilo. Ndiye dalaivala akaona sitima ina ndi maso ake pokhota, kumakhala kuti madzi achita kale katondo. Iye sayendera zomwe akuona. Amayendera mawu a munthu wina, kapena a makina, omutsimikizira kuti kutsogolo komwe sakuonako kulibe kanthu.

Nkhani yonse ya zizindikiro za pa njanji yagona pamenepo. Poyamba ku Britain ankalekanitsa sitima ndi nthawi: ina ikanyamuka, munthu wa wotchi ankadikira mphindi zingapo n'kulola yotsatira. Koma yoyambayo ikafera panjira, wotchi sinkadziwa. Atataya anthu ambiri anasintha, n'kuyamba kulekanitsa sitima ndi malo. Njanji inagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo linakhala lakuti chigawo chimodzi, sitima imodzi. Ngozi ya ku Armagh ku Ireland mu 1889, pomwe anthu 80 anafa pa ulendo wa Sande sukulu, ndiyo inakakamiza nyumba ya malamulo kulamula njira imeneyi pa njanji zonyamula anthu, pamodzi ndi mabuleki odzimanga okha mabogi akaduka.

Pa njanji imodzi ngati yathuyi, nzeru yakale inali ndodo. Chigawo chilichonse cha pakati pa masiteshoni awiri chinali ndi ndodo yakeyake imodzi, yolembedwa mayina a masiteshoniwo, ndipo dalaivala wopanda ndodoyo sankaloledwa kulowa. Poti ndodo ndi imodzi, sitima ziwiri sizikanapezekamo nthawi imodzi. Chovuta chinali chakuti ndodoyo nthawi zina inkakhala ili kutsidya pomwe sitima yofuna kulowa ili mbali ino. Sitima ziwiri zitawombana ku Thorpe, pafupi ndi Norwich, mu 1874 chifukwa cha kusamvana pa uthenga, Edward Tyer anapanga makina awiri olumikizidwa ndi waya, ena mbali ino ena mbali inayo, osunga tizitsulo tachilolezo. Kachitsulo kamodzi kakatuluka, makina onse awiri ankadzikhoma mpaka kabwezedwe. Anthu anakhulupirira kuti vuto latha.

Pa 26 Januwale 1921, pa kasiteshoni ka Abermule ku Wales, sitima yoima pa siteshoni iliyonse inafika n'kupereka kachitsulo ka chigawo chomwe inali itangomaliza kumene. Mnyamata wogwira ntchito pa siteshoni anakalandira, ndipo asanakabweze m'makina anakumana ndi mkulu wa siteshoni, yemwe anali wongogwirizira ntchitoyo. Mnyamatayo anamupatsira kachitsuloko. Mkuluyo anaganiza kuti ndi ka chigawo chakutsogolo, cholowera ku Newtown, ndipo osawerenga anakapereka kwa a mu injini. Iwonso anakalandira osawerenga. Sitima inanyamuka. Nthawi yomweyo n'kuti sitima yothamanga yochokera ku Aberystwyth ili kale m'chigawocho, ili ndi kachitsulo koyenera. Anthu 17 anafa. Dalaivala wa sitima yothamangayo ndi mthandizi wake anadumpha n'kupulumuka ali ovulala, ndipo chomwe anayamba kusakasaka m'zitsulo zophwanyikazo chinali kachitsulo kawo, pofuna kutsimikiza kuti olakwa sanali iwo.

Makina a Tyer sanalakwitse kalikonse tsiku limenelo. Dzina la chigawo linali lolembedwa pa kachitsuloko, aliyense wakugwira akanatha kuliwerenga. Chinachitika n'chakuti aliyense anakhulupirira kuti mnzake wayang'ana kale. Ofufuza sanangolekera pa kudzudzula anthuwo. Analimbikitsa kuti chizindikiro chololeza sitima kunyamuka chizikhomedwa pamodzi ndi makinawo, kuti chisathe kutseguka pokhapokha kachitsulo koyenera katatuluka.

Nkhani ya Abermule ndimaimva bwino chifukwa cha atsibweni anga, omwe anayendetsa sitima za katundu zaka zambiri asanapume n'kubwerera kumudzi kudzalima mtedza. Ali ndi khalidwe lomwe adzukulu amawaseka nalo. Ukawaimbira foni n'kunena kuti, "Atsibweni, tikumane pa depoti 2 koloko," sayankha kuti chabwino. Amati, "Pa depoti, 2 koloko. Ndamva bwino?" ndipo sadula foni mpaka uvomere. Ena amadandaula kuti amawathera mayunitsi. Tikiti ya basi nayo, kondakitala akangowapatsa, amaitambasula, n'kuyendetsa chala pansi pa zolembazo, kenako n'kuiika m'thumba la malaya. Mzere wonse kumbuyo ukudikira.

Tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde ndinawafunsa chifukwa chake. "Iwe, mawu a pa wailesi amauluka," anatero. "Ukangoti eya, mnzako sadziwa chomwe wavomeracho. Bwereza, kuti ngati khutu lako lanama alikonze iyeyo." Izi si zawo zokha. Pa njanji zambiri padziko lapansi zomwe sitima zake n'zochepa, m'njira mulibe nyali. Chilolezo chimachokera kwa woyang'anira kayendedwe ka sitima, yemwe amanena pa wailesi kuti uyende kuchokera pakuti mpaka pakuti, dalaivala n'kulemba, n'kubwereza mawu ndi mawu. Kubwerezako ndiye mpanda wokhawo pakati pa khutu lolakwa ndi maliro.

Koma chomwe chinandikhala m'mutu ndi chomwe anawonjezera. Anati malo omwe ankawaopa sanali achilendo ayi, chifukwa pachilendo munthu amatong'ola maso yekha. Ankaopa malo aja ankadutsa tsiku ndi tsiku osaimitsidwa. "Tsiku lomwe akuuza kuti lero uime pamenepo, khutu lamva ndithu, koma dzanja likufuna kuchita zadzulo." Anatchulanso tulo ta m'mbandakucha, kuti sitigwira munthu ngati wagona pamphasa ayi, timangomuba masekondi ochepa maso ali chitsegulire, ndipo mwiniwake sadziwa n'komwe kuti anachokapo. Ichi n'chifukwa chake mainjini amakhala ndi chopondapo kapena batani loti dalaivala azilikhudza pafupipafupi, akalekeza buleki n'kudzimanga yokha. Koma phazi nalo limazolowera, limatha kumaponda mwiniwake akusinza.

Maiko olemera omwe ali ndi nyali panjira monse sanalithawe vuto la dzanja lochita zadzuloli. Pa 5 Okutobala 1999 m'mawa, sitima yonyamula anthu inanyamuka pa siteshoni ya Paddington ku London, ndipo patangopita mphindi zochepa inadutsa nyali yofiira ya nambala SN109 pa Ladbroke Grove n'kukawombana mutu ndi mutu ndi sitima yothamanga yomwe inkalowa mu mzindawo. Anthu 31 anafa, kuphatikizapo madalaivala onse awiri, ndipo oposa 400 anavulala. Dalaivala wodutsa nyaliyo anali asanathe milungu iwiri chimalizireni maphunziro ake. Nkhani ikanatha kuthera pomwepo, kuti watsopano waphonya, choipa chitsata mwini. Koma kafukufuku wotsogoleredwa ndi Lord Cullen anaonetsa kuti nyali yomweyo inali itadutsidwa kale ili yofiira maulendo 8 m'zaka 6, ndi madalaivala ena. Inapachikidwa pa mtanda umodzi ndi nyali zinzake za njanji zoyandikana, mawaya a magetsi ankaitchinga pofika, mababu ake anasanjidwa mosiyana ndi nyali zozolowereka, ndipo m'mawa umenewo dzuwa linali pansi likuwalira pa magalasi ake. Pamaphunziro ake, dalaivalayo sanachenjezedwe kuti nyali imeneyi inagwetsa kale anzake.

Kumudzi anthu asanu ndi atatu akapunthwa pa chitsa chimodzimodzi panjira ya kumjigo, sitiitana msonkhano wophunzitsa anthu kuyenda. Timatenga khasu n'kuchizula. Ku London chitsacho chinkadziwika, makalata analembedwa, misonkhano inachitika, koma chinakhalabe pomwepo.

Chomwe chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti sitimayo inali ndi makina ochenjeza, ndipo ankagwira ntchito. Makinawa, otchedwa AWS, anafalitsidwa ku Britain pambuyo pa ngozi ya ku Harrow mu 1952, pomwe anthu 112 anafa sitima itadutsa zizindikiro. Pakati pa njanji amaika maginito sitima isanafike pa nyali. Nyali ikakhala yobiriwira, mu injini mumalira belu. Ikakhala ina iliyonse, mumalira hutala, ndipo dalaivala ayenera kudina batani msangamsanga, apo ayi buleki imadzimanga. Nzeru yabwino ndithu. Koma hutala wa nyali yachikasu, yomwe imangoti chepetsa liwiro, ndi yemweyo wa nyali yofiira. Munthu woyendetsa m'tauni momwe sitima zathithikana amadina batani limenelo kosawerengeka pa tsiku, ndipo pafupifupi nthawi zonse akafika pa nyali yotsatira amapeza njira yatseguka. Chala chimaphunzira kudina mutu usanaganize. Akadina, makina amakhulupirira kuti wamva, n'kumusiya apitirire. Chenjezo lomwe limalira pafupipafupi popanda choopsa limasanduka phokoso chabe, ndipo aliyense wokhala pafupi ndi alamu ya galimoto ya neba akudziwa zimenezi.

Pambuyo pa Ladbroke Grove anafulumizitsa kuika makina ena, TPWS, omwe anamalizidwa pofika kumapeto kwa 2003. Amenewa safunsa dalaivala ngati wamva. Sitima ikadutsa nyali yofiira, kapena ikamayandikira pa liwiro loti singathe kuima, buleki imamangika. Kusiyana kwake ndi AWS kuli pa momwe amamuonera munthu. Oyambawo ankati munthu ukamukumbutsa achita choyenera. Achiwiriwa amavomereza kuti tsiku lina sadzachita.

Wina atha kunena kuti ndikuikira kumbuyo anthu osasamala. Ayi ndithu, alipo olakwa poyera. Pa 12 Sepitembala 2008 ku Chatsworth, ku California, dalaivala wa sitima yonyamula anthu anadutsa nyali yofiira n'kulowa m'chigawo cha njanji imodzi momwe munali sitima ya katundu. Anthu 25 anafa. Ofufuza anapeza kuti ankatumizirana mauthenga pafoni, ndipo womaliza anautumiza patatsala masekondi 22 kuti ziwombane. Pa 9 Febuluwale 2016 ku Bad Aibling, ku Germany, sitima ziwiri zinawombana pa njanji imodzi, anthu 12 n'kufa. Kumeneko wolakwa sanali dalaivala. Woyang'anira kayendedwe ka sitima ankasewera gemu pafoni yake, anasokoneza malo omwe sitimazo zinayenera kudutsana, ndipo makina atamukaniza kutsegula nyali, anagwiritsa ntchito chizindikiro chapadera chololeza sitima kudutsa pofiira. Madalaivala onse awiri anamvera zomwe anauzidwa. Khoti linamumanga munthuyo, ndipo sindikumumvera chisoni.

Komabe taonani chomwe Amereka anachita. Sanangoletsa mafoni. Chaka chomwecho cha 2008 anakhazikitsa lamulo lokakamiza makina otchedwa Positive Train Control, omwe amadziwa pomwe sitima ili, pomwe chilolezo chake chathera, n'kuimanga buleki dalaivala akapanda kutero. Ntchitoyi inawatengera mpaka kumapeto kwa 2020, atakankha tsiku lomaliza chifukwa cha mtengo ndi kuvuta kwake. Ife kuno, komwe munthu wa kabaza amawerenga WhatsApp akupalasa njinga ndi mayi wapakati kumbuyo, tisadzinamize kuti lamulo lolembedwa pa pepala lidzachotsa foni m'thumba la munthu yemwe ali yekha mu injini usiku wonse.

Pali mbali ina yomwe ndikuona kuti ikutikhudza kwambiri Amalawi, ndiyo ya mantha. Ku Japan amatamandidwa chifukwa cha mwambo wawo woti dalaivala aziloza chizindikiro ndi chala n'kutchula mokweza chomwe waona, kuti diso, dzanja ndi pakamwa zigwirizane. Koma ndi ku Japan komweko komwe pa 25 Epulo 2005, ku Amagasaki, dalaivala wa zaka 23 analowa pokhota pa liwiro la makilomita 116 pa ola pomwe malire anali 70. Sitima inachoka pa njanji n'kukawomba nyumba yosanja, anthu 107 n'kufa, iye mwini ali m'gulu lomwelo. Mphindi zochepa zisanachitike izi, anali atapitirira malo oimira pa siteshoni ya Itami n'kubwerera m'mbuyo, zomwe zinachedwetsa sitimayo pang'ono. Kampaniyo inali ndi chizolowezi cholanga olakwitsa powachotsa mu injini n'kumawalembetsa malipoti osatha ndi kuwazulitsa udzu, mochititsa manyazi, ndipo iyeyu anali atalawako kale chilangocho. Ofufuza anaona kuti maganizo ake anali pa zomwe kondakitala ankauza akuluakulu pa wailesi za kulakwitsa kwakeko, n'kuchedwa kumanga buleki.

Ndikaiganizira nkhani imeneyi ndimaona maofesi athu. Tinaleredwa kuti bwana sauzidwa zoipa, ndipo wantchito wanzeru ndi amene amabisa cholakwa chake mpaka chiiwalike. Pa njanji khalidwe limeneli limapha. Dalaivala yemwe wapitirira malire a chilolezo chake ndi mamita ochepa, popanda chowonongeka, ali ndi uthenga wamtengo wapatali: pamalo pakutipakuti pali chinachake chosokoneza, mwina chikwangwani chafufutika, mwina udzu wachitchinga, mwina wailesi simveka bwino m'chigwa chimenecho. Akadziwa kuti kunena kumuchotsetsa ntchito, adzakhala chete, mnzake nayenso chete, mpaka tsiku lomwe kutsogoloko kudzakhale sitima ina. Chilango chikhalepo kwa womwa mowa ndi wosewera pafoni. Koma wolakwitsa moona mtima akadziulula yekha ayenera kumvedwa, osati kuwopsezedwa.

Ngozi zotere sizili kutali nafe. Mu 2002 mokha, anzathu a ku Mozambique anataya anthu oposa 190 ku Tenga, pafupi ndi Maputo, mabogi a anthu atasiyidwa pamtsetse atatsekerezedwa ndi miyala n'kutsetsereka, ndipo patangotha mwezi anthu 281 anafa ku Igandu ku Tanzania sitima itabwerera chambuyo n'kukawomba ya katundu. Pa 1 Febuluwale 2003 ku Dete, ku Zimbabwe, sitima ya anthu inawombana ndi ya katundu, anthu pafupifupi 50 n'kufa, ndipo kuwonongeka ndi kubedwa kwa zipangizo za zizindikiro kunatchulidwa kwambiri pokamba za ngoziyo.

Za kubazi ndiimepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti wakuba akadula waya nyali imasanduka yobiriwira. Sizitero. Zizindikiro za pa njanji zimapangidwa kuti zikawonongeka zigwere ku mbali yoimitsa. Chitsanzo ndi nzeru ya William Robinson ya mu 1872, yomwe ikugwirabe ntchito mpaka lero: magetsi ochepa amayenda m'zitsulo za njanji, ndipo akamafika kumapeto kwa chigawo, makina amadziwa kuti mulibe sitima. Sitima ikalowa, mawilo ake amalumikiza zitsulo ziwirizo, magetsi safikanso, nyali n'kufiira. Waya akaduka, batire ikatha, chitsulo cha njanji chikathyoka, zotsatira zake n'zomwezo, nyali imafiira. Ndiye choopsa chili pati? Chili pa zomwe zimachitika mawa lake. Katundu sangadikire mpaka waya watsopano agulidwe, choncho woyang'anira amayamba kuuza madalaivala pa wailesi kuti dutsani pofiirapo, yawonongeka. Sabata imatha, mwezi umatha. Nyali yofiira imasiya kutanthauza kuti ima, n'kuyamba kutanthauza kuti yafanso. Munthu wogula zitsulo zakutha osafunsa komwe zachokera amakhala waphunzitsa madalaivala onse a njanji imeneyo kusakhulupirira chofiira.

N'chifukwa chake sindili m'gulu la omwe amati tingogula nyali zonga za ku London n'kuzidzala kuyambira ku Kanengo mpaka kumalire. Pa njanji yomwe sitima imadutsa mwa apo ndi apo pali vuto linanso lomwe aliyense woyenda pansi cha ku siteshoni ya pa boma atha kuliona ndi maso: pamwamba pa zitsulo pamachita dzimbiri. Njanji yotanganidwa imanyezimira chifukwa mawilo amaipukuta tsiku ndi tsiku. Ya dzimbiri silumikiza bwino magetsi, ndipo sitima yopepuka itha kulowa m'chigawo makina a Robinson aja osaiona. Apa ndiye poopsa zedi, chifukwa kulephera kumeneku kumagwera ku mbali yolola. Akatswiri amathana nazo pogwiritsa ntchito makina owerenga mawilo olowa ndi otuluka m'chigawo, koma amenewonso amafuna magetsi, mawaya ndi munthu wowasamalira.

Chomwe chikuoneka kuti chingatiyenere ndi nzeru yomwe zipangizo zake zambiri zili mu injini momwemo ndi mu ofesi ya woyang'anira, osati m'tchire momwe wakuba amafika usiku: kompyuta ya mu injini yodziwa malo ake kudzera pa GPS, yolandira chilolezo cholembedwa pa sikirini m'malo mwa mawu ouluka aja, ndi yotha kumanga buleki malire akayandikira. Mu ofesimo namonso kompyuta izikana kupereka chigawo chimodzi kwa sitima ziwiri, ndipo njira yoidumpha ikhale yovuta, yofuna anthu awiri, poti taona kale za ku Bad Aibling. Zina sizifuna n'komwe ndalama zakunja. Maola opuma a madalaivala azitsatidwa ngakhale sitima ya feteleza ikuyembekezeredwa ndi dziko lonse. Zokambirana za pa wailesi zizijambulidwa. Udzu uzitchetchedwa pomwe pali zikwangwani. Pali malire a mayiko pano, kutanthauza kuti ogwira ntchito a mbali ziwiri, ophunzitsidwa mosiyana, ayenera kumvana pa mawu amodzimodzi a chilolezo, ndipo poti tonse timamvana Chichewa ndi Chinyanja, chiyeso chongoti "bwerani, kulibe kanthu" m'malo mwa mawu a lamulo n'chachikulu.

Ifenso okhala m'mbali mwa njanji tili ndi dzanja lathu lochita zadzulo. Njanji yachete yatiphunzitsa kuti kulibe sitima. Ana amayendamo popita kusukulu, mbuzi zimamangidwa m'mphepete mwake, wa ngolo amawoloka osatembenuza khosi, wa njinga yamoto mahedifoni ali m'makutu. Tsiku lomwe sitima zidzayambe kudutsa kangapo pa tsiku, chizolowezi chimenechi sichidzachoka chokha, ndipo dalaivala yemwe akuona ngolo pa mphambano alibe chomwe angachite kupatula kuliza hutala.

Kuyambira mu 1999 njanji za m'Malawi zakhala zikuyendetsedwa ndi kampani, osati boma mwachindunji, ndipo apa m'pomwe funso la wofufuza ngozi limakulira. Mwini njanji akamadzifufuza yekha, yankho losavuta komanso lotchipa ndi dalaivala. Ku Britain, potsatira malangizo a Lord Cullen, anakhazikitsa bungwe loima palokha la Rail Accident Investigation Branch, lomwe linayamba ntchito mu 2005. Ntchito yake si kupeza woti amangidwe, imeneyo ndi ya apolisi ndi makhoti. Limafufuza chifukwa chake, ngakhale pa zochitika zomwe palibe wavulala, n'kuika malipoti poyera kuti aliyense awerenge. Ine ndingakonde kuti aphungu athu a kuno ku Mchinji, pomwe akufunsa za tsiku lomwe sitima zidzachuluke, azifunsanso nambala imodzi chaka chilichonse: ndi kangati komwe sitima inapitirira malire a chilolezo chake popanda ngozi, ndipo zinachitikira pati. Nambalayo ikadzabwera ili ziro, ndidzaikayikira.